Kusiya Microsoft: Chidagwetsa Munich n'chiyani, nanga Kiel ikudalira chiyani?

Kumayambiriro kwa Okotobala 2025, boma la chigawo cha Schleswig-Holstein, chomwe chili kumpoto kwenikweni kwa dziko la Germany, lidalengeza kuti lamaliza kusamutsa imelo ya ogwira ntchito ake kuchoka m'mapulogalamu a kampani ya Microsoft. Ntchitoyo idatenga miyezi isanu ndi umodzi ndipo idakhudza maakaunti oposa 40,000 komanso makalata ndi zolembedwa pa kalendala zoposa 100 miliyoni. Makalaliki a m'maunduna, apolisi ndi oweruza milandu omwe adazolowera Outlook tsopano amatsegula makalata awo pa Open-Xchange ndi Thunderbird.

Imeneyi ndi ndime imodzi chabe ya ulendo womwe nduna za chigawochi zidavomereza mu Epulo 2024. Cholinga n'choti makompyuta pafupifupi 30,000 a boma asiye Word ndi Excel n'kuyamba kugwiritsa ntchito LibreOffice, ndipo pamapeto pake nayo Windows ichoke, Linux ilowe m'malo mwake. Nduna yoona za ukadaulo wamakono m'chigawochi, Dirk Schrödter, yakhala ikunena kuti boma siliyenera kudalira kampani imodzi yakunja pa kasungidwe ka zikalata za nzika zake.

Kwa omwe akhala akutsata nkhanizi, mawu oterewa si achilendo. Adamvekapo m'dziko lomweli zaka zoposa 20 zapitazo, kumwera, mumzinda wa Munich. Mzindawo udasamukadi, udatamandidwa pa dziko lonse, kenaka mu 2017 udavotera zobwerera ku Windows. Choncho ambiri akufunsa kuti chidavuta n'chiyani ku Munich, nanga chasintha n'chiyani kuti a ku Kiel, likulu la Schleswig-Holstein, akhulupirire kuti iwo sadzabwerera m'mbuyo. Mbiri ya mizinda iwiriyi ikuonetsa kuti mtengo wa laisensi, womwe anthu amathamangira kutchula, ndi kagawo kakang'ono ka nkhani yonse.

Pulogalamu iliyonse ya pakompyuta imayamba ngati malangizo olembedwa ndi anthu, omwe akatswiri amawatcha source code. Makampani ngati Microsoft ndi Adobe amabisa malangizowo. Wogula amalipira chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamuyo basi, umwini umatsala ndi kampani, ndipo masiku ano chilolezocho nthawi zambiri chimalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka ngati lendi ya nyumba. Mapulogalamu a open source, kapena kuti otseguka, amabwera ndi malangizo awo poyera, ndipo laisensi yawo imalola aliyense kuwawerenga, kuwasintha ndi kuwagawira ena. Maganizowa adayamba kuzika mizu mu 1983 pomwe Richard Stallman adalengeza ntchito ya GNU, ndipo adafalikira kwambiri Linus Torvalds, yemwe panthawiyo adali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki, atatulutsa Linux mu 1991.

M'mbali zambiri mkangano wa ubwino wa mapulogalamuwa udatha kale. Foni iliyonse ya Android imayendera pa phata la Linux. Kuyambira mu Novembala 2017, makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri pa dziko lapansi amagwiritsa ntchito Linux. Microsoft yomweyo, yomwe mkulu wake wakale Steve Ballmer adafanizira Linux ndi matenda a khansa mu 2001, idagula GitHub, nkhokwe yaikulu ya mapulogalamu otseguka, pa mtengo wa $7.5 biliyoni mu 2018. Pomwe nkhondo idakalipo ndi pa desiki ya wogwira ntchito wamba, amene tsiku lake limathera pa kulemba makalata, kuwerengera malipiro ndi kusindikiza mafomu. Nkhondo ya Munich idali ya pa desiki yomweyi.

Chidayambitsa zonse ndi ganizo la Microsoft losiya kusamalira Windows NT 4.0, yomwe makompyuta pafupifupi 14,000 a khonsolo ya Munich ankagwiritsa ntchito. Khonsoloyo idaona kuti ikukakamizidwa kugula mapulogalamu atsopano, ndi makina atsopano omwe, pa nthawi yomwe idasankhidwa ndi kampani ya ku America, makhansala osafunsidwa. Zitamveka kuti mzindawo ukuganiza za Linux, Ballmer mwiniwake adadukiza tchuthi chake n'kupita kukaonana ndi meya Christian Ude mu Malichi 2003. Microsoft idatsitsa mtengo kangapo mpaka udafika pansi pa mtengo wosamukira ku Linux. Komabe pa 28 Meyi 2003 makhansala adavotera Linux. Mfundo imeneyi imaiwalika kawirikawiri: Munich idasankha njira yomwe pa tsikulo idali yodula kuposa inzake. Chomwe inkagula ndi mphamvu yodziikira yokha nthawi yosinthira zinthu.

Ntchitoyo, yomwe idatchedwa LiMux, idatenga zaka khumi. Idaimapo kwa kanthawi mu 2004 chifukwa cha mantha a milandu ya umwini wa luso, makompyuta oyamba adasamuka mu 2006, ndipo kumaliza kudalengezedwa mu Disembala 2013, makompyuta pafupifupi 15,000 atasamuka. Kuchedwaku sikudadze chifukwa choti Linux inkavuta kuika m'makina. Akatswiri atayamba kuyendera maofesi adapeza chisokonezo chomwe chidaunjikana kwa zaka zambiri. Nthambi za khonsolo zidali ndi magulu awoawo a za makompyuta, oposa 20, lililonse ndi kachitidwe kake. Padali mapulogalamu apadera mazanamazana, ena olembedwera Windows yokha. Padalinso mafomu ndi tinjira tachidule ta mu Word ndi Excel zikwizikwi, zomwe nthambi iliyonse idadzipangira payokha. Khonsolo idachita kulemba pulogalamu yakeyake, WollMux, yoti isonkhanitse mafomu ndi mitu ya makalata pamalo amodzi. Mu 2012 idawerengetsera kuti yapulumutsa ndalama zoposa €10 miliyoni poyerekeza ndi zomwe ikadawononga ikadakhalabe ndi Microsoft, mwa zina chifukwa makompyuta akale adapitiriza kugwira ntchito.

Kenaka mphepo ya ndale idatembenuka. Ude adachoka pampando mu 2014 atatsogolera mzindawo kuyambira mu 1993. Womulowa m'malo, Dieter Reiter, adali wa chipani chomwecho cha SPD, koma adachita mgwirizano ndi chipani cha CSU, ndipo iye ndi wachiwiri wake, Josef Schmid, sadabise kusakondwa kwawo ndi LiMux. Adadandaula poyera za imelo, kalendala ndi mafoni a ntchito, ngakhale oikira kumbuyo LiMux ankati zambiri mwa izo sizinkakhudzana ndi Linux ya pa desiki. Mu 2016 Microsoft idasamutsa likulu lake la ku Germany kuchoka ku Unterschleißheim, kunja kwa mzinda, kulowa mu Munich mwenimweni. Umboni woti zinthu ziwirizi zidagwirizana sudatulukepo, koma pa ndale zinthu zikachitikira pamodzi anthu saleka kulozerana ndi diso.

Khonsolo idalemba ntchito kampani ya Accenture kuti ifufuze gwero la mavuto. Otsutsa adakumbutsa kuti kampaniyi ili ndi bizinesi ina, Avanade, yomwe idakhazikitsa pamodzi ndi Microsoft. Ngakhale zidali choncho, lipoti lake la 2016 lidaloza kwambiri kayendetsedwe ka ntchito: udindo wa makompyuta udali wogawikana pakati pa magulu angapo, zosintha zinkachedwa kufika m'maofesi, ndipo antchito ena ankagwirabe ntchito ndi mapulogalamu akale kwambiri. Karl-Heinz Schneider, yemwe adali mkulu wa IT@M, nthambi ya khonsolo yosamalira makompyuta, adauza atolankhani kuti padalibe chifukwa chachikulu cha ukadaulo chobwererera ku Windows. Komabe mu Novembala 2017, mwezi womwewo womwe Linux idamaliza kulanda makompyuta 500 aja, makhansala adavomereza kubwerera ku Windows 10 pofika 2020, pa mtengo woyerekezedwa pafupifupi €50 miliyoni. Mu 2020 chisankho china chidabweretsa mgwirizano wa SPD ndi chipani cha Greens, ndipo mzindawo udalembanso kuti pomwe n'kotheka uzitsogoza mapulogalamu otseguka. M'zaka 17 mfundo idatembenuka kawiri, ndipo maulendo onse awiri chidatsogola ndi kusintha kwa olamulira ku khonsolo.

Kungakhale kulakwa kunena kuti zonse zidali ndale. Madandaulo a antchito ena adali enieni, ndipo gwero lake lalikulu lidali lakuti Munich idali ngati chilumba. Maboma ena, makampani, maloya ndi nzika wamba ankatumiza zikalata za Word ndi Excel. Kalembedwe ka mafayilo ka ODF, komwe LibreOffice imagwiritsa ntchito, kadavomerezedwa ndi bungwe la ISO mu 2006, ndipo ka Microsoft ka OOXML kadavomerezedwa mu 2008, koma chikalata cha matebulo ambiri chikadutsa kuchoka ku pulogalamu ina kupita ku inzake, mizere imatha kusuntha ndipo masamba amasokonekera. Kwa katswiri ndi kavuto kakang'ono. Kwa kalaliki amene abwana ake akudikira lipoti pofika 4 koloko madzulo, ndi chifukwa chokwanira chodanirana ndi pulogalamu yonse. Kuwonjezera apo, khonsolo sidathe kuchotseratu Windows. Makompyuta masauzande angapo adatsalabe nayo chifukwa cha mapulogalamu apadera aja, kotero mzinda unkasamalira mabanja awiri ndi thumba limodzi.

Ku France kuli chitsanzo chosiyana ndi ichi. Gendarmerie nationale, gulu la apolisi lomwe limayendera dongosolo la usilikali, lidayamba ndi zinthu zazing'ono. Cha m'ma 2005 lidachotsa Microsoft Office n'kuika OpenOffice pa makompyuta omwe adali akadali pa Windows. Kenaka lidabweretsa Firefox ndi Thunderbird. Mu 2008 ndi pomwe lidalengeza zosamukira ku Linux ya mtundu wa Ubuntu, yomwe lidaikonza n'kuitcha GendBuntu, ndipo kusamukako kudachitika pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Pofika tsiku lomwe Windows inkachoka pa desiki ya wapolisi, mapulogalamu omwe iye ankagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku adali atawazolowera kale. Pofika 2024 makompyuta oposa 100,000 a gululi adali pa GendBuntu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pali chinanso chomwe apolisiwa adali nacho chomwe Munich idalibe: likulu limodzi lolamula za makompyuta, antchito ozolowera kumvera lamulo, komanso atsogoleri omwe sadikira chisankho cha makhansala zaka zisanu ndi chimodzi zilizonse.

A ku Kiel akuoneka kuti adawerenga mbiri ziwirizi. Ndondomeko yawo ikutsata mapazi a apolisi a ku France: LibreOffice poyamba, imelo pambuyo, Linux kumapeto. Ali ndi Dataport, bungwe la boma lomwe limasamalira makompyuta a zigawo zingapo za kumpoto kwa Germany, kotero ntchito siyomwazikana ngati momwe idaliri ku Munich. Ndipo chodabwitsa n'chakuti Schrödter ndi wa chipani cha CDU, mlongo wake wa CSU yomwe idathandiza kukwirira LiMux. Nkhani yomwe mu 2003 inkaoneka ngati ya anthu okonda ukadaulo ndi zipani za kumanzere, lero yalowa m'gulu la nkhani za chitetezo cha dziko.

Chomwe chasintha kwambiri ndi mantha. Mu 2018 dziko la America lidakhazikitsa lamulo la CLOUD Act, lomwe limapatsa akuluakulu a zamalamulo a dzikolo mphamvu yoitanitsa zikalata zosungidwa ndi makampani a ku America ngakhale zitakhala m'makina a kunja kwa dzikolo. Mu Juni 2025, mkulu wa zamalamulo wa Microsoft ku France, Anton Carniaux, atafunsidwa ndi nyumba ya Senate ya dzikolo ngati angatsimikize kuti zikalata za nzika za France sizingaperekedwe ku boma la America popanda chilolezo cha France, adavomera kuti sangatsimikize. Miyezi ingapo m'mbuyomo, mu Febuluwale, Pulezidenti Donald Trump adaika ziletso pa Karim Khan, woimira milandu wamkulu wa khoti la International Criminal Court ku The Hague, ndipo mu Meyi atolankhani a Associated Press adalemba kuti Khan adataya mwayi wolowa mu imelo yake ya Microsoft. Kampaniyo idakana kuti idasiya kutumikira khotilo. Koma uthenga udali utafika kale m'maofesi a maboma a ku Ulaya: chida chogwirira ntchito chikhoza kuzimitsidwa ndi lamulo losainidwa ku Washington. Mu Okotobala khotilo lidatsimikiza kuti likusamukira ku openDesk, gulu la mapulogalamu otseguka lomwe limakonzedwa ndi ZenDiS, bungwe la boma la Germany. Chaka chomwecho unduna wa ukadaulo wamakono ku Denmark udalengeza zoyamba kugwiritsa ntchito LibreOffice, ndipo gulu lankhondo la Austria lidasamutsira makompyuta pafupifupi 16,000 ku pulogalamu yomweyo, akuluakulu ake akunena kuti cholinga chachikulu ndi kudziimira paokha, osati kupulumutsa ndalama.

Nanga ndalamazo? Mu Disembala 2025 boma la ku Kiel lidati likuyembekezera kupulumutsa ndalama zoposa €15 miliyoni pa chaka za malaisensi, ndipo liwononga €9 miliyoni kamodzi kokha mu 2026 pomalizitsa kusamuka ndi kukonza mapulogalamu. Ziwerengero zotere n'zokoma kumva, koma sizionetsa maola omwe antchito amataya pophunzira zatsopano. Kusamutsa imelo kuja sikudayende mosalala. Oweruza ndi oimira boma pa milandu adadandaula kuti makalata ankachedwa kapena osatseguka, ndipo Schrödter adachita kupepesa kwa antchito. Walira mvula walira matope. Bungwe lomwe lasiya kulipira laisensi limayamba kulipira aphunzitsi, akatswiri osamalira makina ndi makampani othandiza zikavuta. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zotere zikhoza kuthera m'matumba a anthu ndi makampani a m'dera lomwelo, ndipo wina akakhumudwitsa, ntchito ikhoza kupatsidwa kwa wina popanda kusintha pulogalamu.

Ubwino umenewu udaoneka bwino mu 2010. Kampani ya Oracle itagula Sun Microsystems, yomwe inkatsogolera OpenOffice, ambiri mwa okonza pulogalamuyo adatenga malangizo ake, monga momwe laisensi idawalolera, n'kuyambitsa LibreOffice pansi pa bungwe la The Document Foundation. Ogwiritsa ntchito, Munich yomwe, adangosamukira kumeneko. Pulogalamu yotsekedwa mwini wake akaisiya, ogula alibe kolowera.

Koma kutseguka kuli ndi chilonda chake, ndipo mabungwe ochenjera amachiyang'ana asadalumphe. Mu Epulo 2014 kudapezeka bowo lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu yomwe inkateteza gawo lalikulu la mawebusaiti a pa dziko lonse. Apo ndi pomwe dziko lidadziwa kuti ntchito yofunika chotere inkasamalidwa ndi anthu owerengeka, wolembedwa ntchito nthawi zonse ali mmodzi yekha, ndipo zopereka zake zinkangokwana pafupifupi $2,000 pa chaka. Mu Malichi 2024 katswiri wina wa Microsoft, Andres Freund, adadabwa kuti kulowa mu kompyuta ina kukuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza adapeza khomo lachinsinsi lomwe lidabisidwa mu kapulogalamu kotchedwa xz ndi munthu amene adatha zaka pafupifupi ziwiri akudzionetsa ngati wothandiza wokhulupirika kwa mwini ntchitoyo, yemwe adali atatopa. Okonda open source amati nkhaniyi ndi umboni woti kutseguka kumagwira ntchito, poti wakubayo adagwidwa zinthu zisadafalikire. Akunena zoona, koma adagwidwa mwamwayi. Bungwe lomwe likutenga pulogalamu yotseguka liyenera kufunsa kuti akuisamalira ndani, alipo angati, ndipo amalipidwa ndi yani.

Funso lomalizali ndi lomwe likuifikitsa nkhaniyi ku Malawi, komwe mapulogalamu otseguka adalowera khomo lina. Sadayambire pa desiki ya kalaliki koma m'zipatala. Ziwerengero zomwe zipatala zimatumiza mwezi ndi mwezi ku Unduna wa Zaumoyo, za malungo, katemera ndi amayi oyembekezera, zimasonkhanitsidwa mu DHIS2, pulogalamu yotseguka yomwe imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Mizu yake ili mu ntchito yokonzanso zaumoyo ku South Africa ulamuliro wa tsankho utatha, ndipo lero maiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito. Malawi idayamba kuigwiritsa ntchito m'dziko lonse cha m'ma 2012. Nalo bungwe la Baobab Health, lomwe lidayamba ndi makompyuta ongokhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, lidamanga ndondomeko yosungira mbiri za odwala, makamaka olandira ma ARV, pa Linux ndi zipangizo zina zotseguka, ndipo ntchito yaikulu yolemba mapulogalamuwo idagwiridwa ndi Amalawi.

Zifukwa zomwe izi zidayendera n'zosavuta kuziona pamene munthu wawerenga za Munich. M'zipatala mudalibe Word kapena Excel yoti ichotsedwe m'manja mwa munthu woizolowera. Chomwe chinkachotsedwa ndi mabuku akuluakulu olembamo ndi bolopeni. Malawi sidali chilumba, poti vuto lomwe lakonzedwa ku Uganda kapena ku India limakhala lakonzedwanso ku Lilongwe. Ndipo padali anthu ophunzitsidwa m'dziko momwemuno. Chofooka chake n'chakuti malipiro a ambiri mwa anthuwo, komanso makina ndi intaneti, akhala akudalira kwambiri mabungwe othandiza, makamaka thandizo la America lolimbana ndi Edzi. Boma la Trump litaimitsa thandizo la kunja mu Januwale 2025, zidaoneka poyera kuti malangizo a pulogalamu akhoza kukhala aulere, koma woisamalira amafunika malipiro mwezi ukatha. Dziko lomwe lapewa kudalira kampani n'kudalira wopereka thandizo mmodzi langosintha mwini chingwe.

Pa desiki ya mu ofesi zinthu n'zosiyana. Zifukwa zokankhira mabungwe a kuno ku mapulogalamu otseguka zilipo, ndipo n'zolemera kuposa za ku Germany. Malaisensi amawerengedwa m'madola, pomwe dziko lakhala likuvutika ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu ya pulogalamu yomweyomweyo idakwera popanda chilichonse chowonjezeka. Pa 14 Okotobala 2025 Microsoft idasiya kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11 imakana makompyuta ambiri akale, mtundu womwe wadzaza m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono omwe amagula makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Bungwe lofuna kupitiriza kulandira zotetezera Windows 10 liyenera kulipira $61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, ndipo mtengowo umawirikiza chaka chilichonse. Uwu ndi msampha womwewo womwe Munich idauona mu 2003 ndi Windows NT.

Zomwe zikugwira mabungwe miyendo nazo n'zodziwika. Si chinsinsi kuti makompyuta ambiri m'matauni amayendera Windows ndi Office zongokopedwa, zopanda laisensi, ndipo kwa munthu amene sadalipirepo, kumuuza kuti LibreOffice ndi yaulere n'kumuuza nkhani yopanda phindu. Masukulu ophunzitsa kompyuta amaphunzitsa Word ndi Excel chifukwa malonda a ntchito m'nyuzipepala amafuna zomwezo, ndipo olemba ntchito amafuna zomwezo chifukwa ndi zomwe ophunzira amadziwa. Mafomu ochokera ku Capital Hill ndi kwa mabungwe othandiza amabwera m'mafayilo a Microsoft. Ndipo chikalata choitanira makampani kudzagulitsa katundu chikangotchula dzina la pulogalamu m'malo mofotokoza ntchito yomwe ikufunika, mpikisano umakhala watha usadayambe. Ku South Africa nduna za boma zidavomereza mfundo yotsogoza mapulogalamu otseguka mu Febuluwale 2007, koma maofesi ambiri a boma kumeneko adapitirizabe ndi Microsoft. Mfundo ya papepala yopanda bajeti ya maphunziro ndiponso yopanda munthu woyankhapo ikalephera, imangosunga fumbi.

Ku Kiel, gawo lovuta likadali kutsogolo. Pofika Disembala 2025 pafupifupi 80 peresenti ya madesiki a boma, kupatula a nthambi ya misonkho, adali atasamukira ku LibreOffice. Otsalawo ndi omwe amangidwa ndi mapulogalamu apadera olembedwera Word ndi Excel, mtundu womwewo womwe udachedwetsa Munich kwa zaka. Nthambi ya misonkho imagwiritsa ntchito ndondomeko zomwe imagawana ndi zigawo zina za Germany, kotero singasamuke payokha. Kuchotsa Windows n'kuika Linux, komwe wogwira ntchito aliyense adzakuone ndi maso ake akangoyatsa kompyuta m'mawa, kukuyamba kumene. Ndipo anthu a ku Schleswig-Holstein adzaponya voti yosankha nyumba ya malamulo ya chigawo chawo mu 2027, ntchitoyi ili pakatikati.